Kubwerera pamalo amodzimodzi kumwamba: Lagoon ndi Trifid kuchokera ku Chipata

Ndimakhala kunja pang'ono kwa Chipata, mbali ya ku Msekera, kumene malaiti a m'tauni amangoyeretsa m'munsi mwa thambo chakum'mawa. M'chaka cha 2025 ndinafuna chithunzi chimodzi chokha cha mitambo iwiri yowala ya mpweya ndi fumbi imene ili pakati pa nyenyezi: Lagoon, imene pa mndandanda wa zinthu zakumwamba wa Messier ndi M8, ndi Trifid, M20, zonse ziwiri pamodzi, ndi kagulu ka nyenyezi ka M21 kumapeto. Zili mkati mwa Mlalang'amba, ndipo kuno zimadutsa pafupifupi paliwombo, madigiri 79 kuchokera pansi. Anzathu a ku Ulaya amazijambula zili m'munsi, ife timachita kupinda khosi.

Ndinafuna kusonkhanitsa maola 8 a kuwala, posanjikiza zithunzi zambiri kuti zipange chimodzi. Usiku umodzi sungakwane, popeza batire imatha ndipo m'mawa kuli ntchito. Choncho zithunzi za masiku osiyana ziyenera kugwera pamalo amodzi kuti zisanjikizike. Apa ndi pamene ndinatayira mwezi wathunthu.

Zida zanga ndi telesikopu yaing'ono ya galasi la 72 mm ndi focal length ya 420 mm, flattener (galasi loikidwa patsogolo pa kamera kuti nyenyezi za m'mphepete zikhale zakuthwa), kamera ya Canon 600D, maunti ya equatorial (chonyamulira telesikopu chimene chimatsatira kuyenda kwa nyenyezi) yogula kwa munthu ku Lusaka, laputopu yakale ndi batire ya motoka. Sensa ya kamera ndi 22.3 mm ndi 14.9 mm, ndiye ndimaona madigiri 3 m'litali ndi madigiri 2 m'lifupi. Mwezi wodzaza kumwamba umaoneka waukulu theka la digiri, ndiye kuti miyezi 6 m'litali, 4 m'lifupi. Lagoon ndi Trifid zatalikirana pafupifupi digiri imodzi ndi theka kuchoka kumwera kupita kumpoto, ndipo Lagoon payokha yatambalala digiri imodzi ndi theka kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo. Malo osewerera palibe.

21 Juni, pa Chiweru

Usiku woyamba. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinaika miyendo ya maunti pabwalo kuseri kwa nyumba, ndikulemba mizere pansi ndi kamtengo.

Vuto loyamba ndi la aliyense wa kuno. Chipata ili madigiri 13 ndi mphindi 38 kumwera kwa equator, ndiye malo amene thambo limazungulirapo ali m'munsi kwambiri chakumwera. Kanyenyezi ka Sigma Octantis, kamene kali pafupi ndi malowo, ndi kozimirira, ndipo kwa ine kamabisika kuseri kwa mtengo wa mango. Ndinalozetsa maunti ndi kampasi ya pa foni komanso nyenyezi za Mtanda wa Kumwera. Nditatsitsa mutu wa maunti kufika pa 13, chitsulo cholemera chija chinayamba kugunda mwendo wakumwera. Ndinachotsa kamsomali kogwira mutu, ndikukasamutsira mbali inayo, kuti chitsulo chizilendewera pakati pa miyendo iwiri, mwendo umodzi n'kuloza kumpoto. Zikatero maunti imafuna kugwera kumwera, ndiye ndinamangirira batire ku mwendo wakumpotowo ndi malegeni.

Ndinayamba 20:30, Lagoon ili pa madigiri 40. Kukonza maonekedwe ndi maso kunandidyera mphindi 50: kujambula masekondi 10, kuyang'ana pa kagalasi ka kamera, kumasula tizomangira tiwiri, kupotoza kamera pang'ono, kujambulanso. Pamapeto zinakhala bwino zedi. Lagoon m'munsi, Trifid pamwamba pake ndi mbali yake yobiriwira ngati thambo, M21 pafupi ndi m'mphepete. Ndinajambula zithunzi za masekondi 60 pa ISO 800. Mwa 140, zabwino zinali 94. Zinazo nyenyezi zinakoka michira chifukwa maunti sinaloze bwino kumwera.

Nditamaliza ndinasolola kamera pamodzi ndi flattener, popeza pa Sondo ndinali ndi ntchito yojambula kwaya ku tchalitchi. Kamera imeneyi ndi yomwe imagula ndiwo pakhomo pano kumapeto a sabata. Sindinalembe kalikonse za mmene inakhalira. Ndinkaganiza kuti maso akumbukira.

24 ndi 25 Juni

Mizere ija ndinaipeza palibe. Bwalo limasesedwa m'mawa uliwonse, ndipo ndikadayenera kudziwa zimenezo. Amake ana anati, "Mukananena, bambo. Ine ndimayesa ana ndi amene amalembalemba." Analibe mlandu.

Ndinaikanso miyendo mongoganizira, ndikufunafuna Lagoon ndi rimoti ya maunti. Chithunzi cha pa 21 ndinali nacho pa foni, ndipo ndinkayerekeza ndi maso. Pa kagalasi kakang'ono zinkaoneka zofanana. Ndinajambula 120 mpaka zala zinauma ndi mphepo, ndikukagona wokondwa.

M'mawa mwake ndinasanjikiza masiku awiriwo mu Siril, pulogalamu yosanjikizira zithunzi. Pulogalamuyi inagwirizanitsa nyenyezi bwinobwino, ilibe vuto ndi zithunzi zopendekeka. Koma chimene chinatuluka chinali ngati mapepala awiri oponyedwa patebulo mosasamala, ngodya zikutulukira uku ndi uku. Pakati, pamene zithunzi zonse zinakumana, panali posalala. M'mbali munali mwamchengamchenga, ndi mizere yooneka pamene chithunzi china chinathera. M21 pa usiku wachiwiri munalibe.

Ndinabwereka pulotilakita ya mu seti ya mwana wanga, ndikuika pa galasi la laputopu. Kamera inali itapotoka madigiri 7, ndipo pakati panasunthira kumwera pafupifupi mwezi umodzi wathunthu. Madigiri 7 amamveka ochepa mpaka utawerengera. Chithunzi changa ndi mapikiselo 5184 ndi 3456. Digiri imodzi yokha imasuntha nsonga za chithunzi ndi mapikiselo 45, ndipo ukadula kuti patsale pofanana umataya magawo 5 pa 100. Madigiri 7 amadya magawo 28 pa 100. Kuphatikiza ndi kusuntha kwa pakati kuja, chimene chinatsala chinali kupitirira theka pang'ono, Trifid ili yopanikizika m'mphepete.

Apa ndi pamene ndinaona kuti ndikulimbana ndi zinthu zitatu zosiyana, zimene ine ndinkaziyesa chimodzi: pamene miyendo yaima, pamene telesikopu yaloza, ndi mmene kamera yapotokera. Chilichonse chimafuna mankhwala ake.

28 Juni, pa Chiweru

Ndinagula tepi ya pepala pa K20. Madzulo ndinayesa njira imene imathandizadi ngati ulibe kompyuta panja: kuzimitsa kutsatira kwa maunti, n'kujambula masekondi 30. Nyenyezi zimakoka mizere yoloza ndendende kum'mawa ndi kumadzulo, pa zida zanga mzere uliwonse pafupifupi mapikiselo 195. Ndinapotoza kamera mpaka mizereyo inagona mofanana ndi mbali yaifupi ya chithunzi. Kenaka ndinamata tepi pa flattener ndi pa chubu cha telesikopu, ndikulemba mzere umodzi wa pensulo wodutsa zonse ziwiri.

Kuti ndiyese, ndinachotsa kamera ndikuibwezera motsata mzerewo. Inaphonya ndi madigiri awiri ndi theka. Ndinayesanso, inaphonya ndi awiri mbali inayo. Chifukwa chake ndinachipeza ndi rula. Chubu chimenecho ndi cha 60 mm, kuzungulira kwake 188 mm. Ndiye kuti digiri imodzi ndi theka la milimita basi. Mzere wa pensulo pawokha ndi wonenepa ngati madigiri awiri. Tepi imakufikitsa pafupi, koma siimaliza ntchito.

Cholakwa chachikulu cha usiku umenewu chinabwera cha m'ma 23:30. Lagoon inadutsa paliwombo, ndipo ndinayenera kutembenuzira telesikopu mbali ina ya maunti kuti isagunde miyendo. Pa 21 ndi pa 24 ndinali nditaleka isanafike nthawi imeneyi. Chithunzi choyamba chitatuluka, Trifid inali pansi, Lagoon pamwamba. Mtima unagunda. Ndinamasula tizomangira, ndikuzunguza kamera yonse kuti zinthu ziime monga kale.

Sindinayenera kukhudza kanthu. Telesikopu ikatembenuzidwa chotero, chithunzi chimazondoka madigiri 180 ndendende, malo ake amakhala omwewo, ndipo Siril imachiwongola yokha. Ine pomasula ndinasokoneza fokasi, kamera inakhala mopendekeka m'chubu, nyenyezi za ngodya imodzi zinasanduka ngati mpunga. Zithunzi 40 za pambuyo pake ndinataya zonse. Za 60 zoyambirira zinali zakuthwa, koma ngodya yake sinagwirizane ndi ya pa 21, chifukwa pa 21 paja sindinawongole ndi mizere ya nyenyezi, ndinangokonza mmene zinandikomera.

7 ndi 8 Julayi

Mwezi unali ukukula, wodzaza pa 10, ndiye kujambula kunalibe. Masiku awiri a holide ya Heroes ndi Unity ndinawapereka ku nkhani ya miyendo.

Pa Mande ndinapeza kumwera kwenikweni ndi dzuwa. Kampasi ya foni imanama ukayandikira zitsulo, komanso kumpoto kwa kampasi si kumpoto kwa thambo. Ndinapachika chingwe chomangirira mwala pa mtengo wopingasa, ndikudikira 11:54, nthawi imene dzuwa limafika pakati penipeni kuno pa tsiku limenelo malinga ndi Stellarium, pulogalamu ya mapu a thambo. Mu Julayi dzuwa limakhala chakumpoto, ndiye mthunzi wa chingwe unagwera kumwera. Mwana wanga anagwira wotchi, ine ndikukhoma misomali iwiri pa mthunziwo. Kamphepo kankagwedeza chingwe, ndiye tinamiza mwala uja mu ndowa ya madzi ndipo unakhala phee.

Ndinaika miyendo motsata mzere umenewo, iwiri kumwera, umodzi kumpoto, pamalo atsopano mamita atatu kuchoka pa akale, potalikirako ndi nthambi za mango. Pa Chiwiri kunabwera amisiri omanga a m'mudzi mwathu muno. Tinakumba maenje atatu akuya 30 cm, tinaikamo zitini za penti zochotsa pansi, ndikuthira konkire. Pamwamba pa iliyonse tinamiza washala wamkulu, kuti nsonga ya mwendo izilowa pa bowo lake. Amisiri anafunsa kuti, "Atate, kanyumba kake n'kotani ka mizati itatu yosatuluka pansi?" Nditawaonetsa chithunzi cha pa 21 pa foni anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo iwo ndi amene anaumirira kuti tiyeze ndi levulo katatu konkire isanagwire.

Simenti thumba limodzi K190, ndipo sitinafike ndi theka lomwe, yotsalayo inakonza sitepe ya kukhitchini. Mawashala atatu K30 ku Kapata. Amisiri K100. Mchenga ndi miyala zinali pakhomo. Ndinathirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata.

Chinthu china chaching'ono: miyendo ya maunti imatalikitsidwa ndi kufupikitsidwa. Ndinaifupikitsa yonse mpaka pamapeto, ndipo sindiikhudzanso. Mwendo wakumpoto ndinaupaka kadontho ka penti yoyera.

12 Julayi

Kebulo yolumikiza maunti ndi laputopu inafika pa basi kuchokera ku Lusaka, K700 ndi K60 yotumizira. Ndinaika N.I.N.A., pulogalamu yoyendetsa maunti ndi kamera, ndi ASTAP, zonse zaulere. Chimene chimadya ndi bandulo, chifukwa nkhokwe ya nyenyezi ya D50 ndi pafupifupi gigabayiti imodzi. Ndinagula ya K100 ndikukopera usiku.

Ntchito ya ASTAP, imene amati plate solving, ndi kuyang'ana chithunzi, kuzindikira nyenyezi zimene zilimo, ndi kukuuza pakati pake ndi ngodya ya kamera m'manambala. Ndinayesa masana pa zithunzi zakale. Inakana kasanu. Ndinataya maola awiri ndikukayikira zithunzi zanga, kufikira nditaona kuti pa focal length ndinalemba 357, nambala imene ndinatengera kwa munthu wina amene ali ndi telesikopu ngati yanga koma yokhala ndi reducer, galasi lofupikitsa focal length. Yanga ndi 420. Nditakonza, yankho linabwera m'masekondi atatu.

Chithunzi cha pa 21 Juni: pakati RA 18h 03m 10s, Dec −23° 38′ (RA ndi Dec ndi manambala osonyeza malo kumwamba), ngodya 91.4. Cha pa 24: ngodya 98.3. Pulotilakita ya mwana inanena zoona. Ndinalemba manambalawa m'kabuku kamene ndinakasiya mu thumba la kamera.

Muonetsetse kuti latitude mwailemba ndi chizindikiro cha kumwera, ndipo nthawi ndi UTC+2. Poyesa koyamba m'nyumba maunti inalozetsa telesikopu pansi chifukwa ndinasiya chizindikiro chimenecho.

19 ndi 20 Julayi

Usiku woyamba pa konkire. Miyendo inalowa m'mawashala kuti gwa. Three Point Polar Alignment ya mu N.I.N.A., chida cholozetsera maunti pamalo amene thambo limazungulirapo, siifuna kuti uone Sigma Octantis, imajambula malo atatu kulikonse kumwamba n'kukuuza mbali yopotozera. Inandipeza nditaphonya ndi theka la digiri, ndipo m'mphindi 10 ndinatsitsa kufika pansi pa arcminute ziwiri (arcminute 60 zimapanga digiri imodzi). Kwa ife a kuno, amene kumwera kwathu kumakhala mitengo ndi mapiri, chida chimenechi ndi chamtengo wapatali. Kuyambira pamenepo nyenyezi za masekondi 60 zinakhala zobulungira pafupifupi zonse.

Kabuku kaja kanali m'thumba, thumba lili m'chipinda mmene ana anali atagona. Posafuna kuwadzutsa, ndinatsegula Stellarium, ndinapeza kanyenyezi kamene ndinkadziwa kuti kali pakati pa chithunzi cha pa 21, ndikukopera manambala ake mu N.I.N.A. Maunti inayenda, inajambula, inadzikonza kawiri, n'kunena kuti yafika, kuphonya kosakwana arcminute imodzi. Ndinakhulupirira. Lagoon ndi Trifid zinali kuoneka zonse, ndiye sindinayerekeze ndi chithunzi chakale. Ndinajambula 110 mpaka malaiti anazima ndipo laputopu inatha moto cha m'ma 23:00.

Pa Sondo masana ndinasanjikiza, ndipo ndinapeza kuti usiku wonse unasunthira kum'mawa ndi mapikiselo 600. Mbali yaifupi, kumene kulibe malo. Ndinakhala pakhonde nthawi yaitali osamvetsa. Kompyuta inanena kuti yafika, nanga inafika kuti?

Yankho linali mu Stellarium momwemo. Ukasankha nyenyezi imakupatsa mizere iwiri ya RA ndi Dec, wina wolembedwa J2000, kutanthauza manambala a chaka cha 2000, wina wa tsiku lalero. Dziko likamazungulira limapendama pang'onopang'ono ngati nguli, ndiye manambala a nyenyezi amasuntha pafupifupi arcsecond 50 pa chaka (arcsecond 60 zimapanga arcminute imodzi). Kuchokera 2000 kufika 2025 zimakwana arcminute 21, gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri. Kumene kuli Lagoon kusunthako konse kumapita mbali ya kum'mawa ndi kumadzulo. N.I.N.A. inkayembekezera J2000, ine ndinaipatsa za lero. Pikiselo yanga imodzi ndi arcsecond 2.1. Mukagawa mupeza 600 yemweyo. Makina anapita ndendende kumene ndinawatuma.

Zimenezi zinandipweteka kuposa za mu Juni, chifukwa zithunzi 110 zimenezi ndi zakuthwa kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Ndazisunga padera, mwina zidzagwira ntchito pa chithunzi cha Lagoon yokha.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kulemba manambala ndi manja. Ndinasankha chithunzi chimodzi cha pa 21 Juni, ndinachitcha "mboni", ndikuchiika mu foda yakeyake. Mu Framing ya N.I.N.A. mungathe kutsegula chithunzi chanu, ASTAP n'kuchiwerenga, ndipo pakati ndi ngodya zimatengedwa pomwepo. Usiku uliwonse uyenera kuyezedwa ndi mboni yomweyo, osati ndi chithunzi cha dzulo. Ukamatsata cha dzulo, kuphonya kwa tsiku lililonse kumaunjikana, ndipo pakutha pa sabata umapezeka uli kwina.

21 Julayi

Tsiku lokonza kamera, masana. Ndinazindikira kuti sindinkayenera kusolola flattener ayi. Kamera imachoka pa T-ring, mkombero wolumikiza kamera ndi flattener, monga mmene imachokera pa lenzi iliyonse, ndipo polowa imakhala ndi malo amodzi okha. Flattener ndi T-ring zingatsale pa telesikopu mpaka kalekale, n'kuvindikira ndi chivindikiro cha kumbuyo kwa lenzi.

Koma nditagwira kamera ndikuipotoza pang'ono, inkayenda. T-ring ili ndi mikombero iwiri, wamkati ndi wakunja, yogwiridwa ndi timasikulu titatu tating'ono ngati nthangala za mapira. Tiwiri tinali tomasuka. Kasikuludiraiva kokwana ndinakapeza kwa okonza mafoni ku Kapata pa K35. Nditamanga, panatsala kugwedera kochepa kwa pamene kamera imalumana ndi T-ring. Ndinamata kachidutswa kamodzi ka tepi pankhope ya T-ring, ndipo ndinadziikira lamulo lakuti ndikalowetsa kamera ndiziikankhira mbali imodzi yomweyo mpaka itaima.

Za mzere wa pensulo, mankhwala ake ndi kukulitsa mkombero. Ndinadula chivindikiro cha pulasitiki kukhala chozungulira cha 115 mm, ndikuboola pakati kuti chilowe pa flattener mothina. Kuzungulira kwake ndi 361 mm, ndiye milimita imodzi ndi digiri imodzi. M'mphepete ndinamata pepala la magirafu, ndipo pa chubu ndinamangirira kawaya kolozera. Sindinalipire kanthu.

Ndinagulanso chaja ya laputopu yotengera moto ku batire ya 12V, K450. Malaiti akazima mudzi wonse umada bii ndipo Mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayika. Sindifuna kutayanso usiku wotero chifukwa cha laputopu.

22 ndi 23 Julayi

Mwezi unali pafupi kufa, watsopano pa 24. Lagoon tsopano inkafika paliwombo cha m'ma 21:50, popeza nyenyezi zimafulumira ndi mphindi pafupifupi 4 usiku uliwonse. Ndinayamba 19:15.

Dongosolo linali ili. Miyendo m'mawashala. Polar alignment, imene inandipeza nditaphonya ndi arcminute 9 zokha, mphindi zinayi kukonza. Fokasi pa nyenyezi yowala ya Antares. Kutsegula mboni. Mu N.I.N.A. ndinasankha Manual Rotator, imene ilibe mota, imangokuuza kuti potoza madigiri akuti mbali yakuti. Inati 3.2. Ndinamasula, ndinasuntha chivindikiro changa mamilimita atatu, koma mbali yolakwika, ndipo inati 6.3. Mumdima, utaima kumbuyo kwa telesikopu yoloza kumwamba, mbali imene wotchi imayendera imasokoneza. Ndinabweza, inati 0.3. Ndinalemba muvi pa chivindikiro kuti ndisadzafunsenso, ndikumanga tizomangira mwamphamvu. Kuyambira potulutsa zida mpaka chithunzi choyamba, mphindi 24.

Ndisanayambe ndinachita chimene ndinachisiya pa 19: kuika chithunzi chatsopano pambali pa mboni ndi kuyang'ana ngodya zinayi. M21 inali pamalo ake. Tinyenyezi titatu tokhala ngati mafuwa, timene tili pa ngodya ya kumanzere m'munsi mwa mboni, tinalipo. Ndinaitana mwana wanga kuti aone. Anati, "Atate, ndi chomwechija." Mawu amenewo ndinawadikira kuyambira pa 24 Juni.

Itakwana nthawi yotembenuza, ngodya inawerenga 271.6 m'malo mwa 91.4. Manja ndinawasunga m'thumba. Ndinangouza maunti kuti ibwerere pakati.

Popeza ndilibe kamera yachiwiri yolondolera, chithunzi chimayenda pang'onopang'ono usiku ukamapita. Ndinaika kuti pakatha zithunzi 30 zilizonse ibwerere pakati pa mboni. Pa 22 ndinasunga 112. Pa 23 mame anagwa pa galasi cha m'ma 22:30, nyenyezi zinayamba kutupa, ndipo ndinasunga 96. Ndinapinda chikatoni chakuda kutalikitsa chivindikiro cha kutsogolo ndi 15 cm. Kuno kufupi ndi dambo mame a Julayi si ocheza nawo.

Aneba athu, bambo wachikulire, ali ndi getsi la panja limene limawalira molunjika pabwalo langa. Ndinapita masana kukawapempha mwaulemu. Anati kuzimitsa sangathe chifukwa cha mbuzi, koma anandilola kukhoma kachidutswa ka lata mbali yoyang'ana kwathu. Khola likuwalabe, kwanga kuli mdima.

27 Julayi, pa Sondo

Mayeso enieni. Pa Chiweru kamera inali ku ukwati ku Katete tsiku lonse. Ndinaichotsa pa T-ring, china chilichonse ndinasiya chomangika. Nditaibwezera, ASTAP inawerenga 91.8. Kuphonya 0.4 popanda kukhudza kalikonse. Ndinasiya choncho.

Chimene ukwati unabweretsa ndi fumbi. Ndinasintha malenzi kangapo pabwalo lafumbi, ndipo pa sensa panabwera timadontho tiwiri tatsopano. Mafulati a pa 23, zithunzi za kuwala kofanana ponseponse zimene zimachotsa madontho a fumbi, sakanatichotsa. Choncho mafulati ndimajambula usiku uliwonse ndisanachotse kamera: sikipa yoyera yokungidwa kutsogolo ndi legeni, galasi la laputopu loyera patsogolo pake, zithunzi 25. Usiku uliwonse umayeretsedwa ndi mafulati ake, kenaka ndi pamene ndimasonkhanitsa onse. Ndinadikira kamwezi kalowe cha m'ma 20:15, ndipo ndinasunga 131.

4 Ogasiti

Holide ya alimi, mwezi ukuwala, ndinakhala pa laputopu. 94 ndi 112 ndi 96 ndi 131, zonse 433, maola 7 ndi mphindi 13. Laputopu inatenga maola atatu ndipo inatentha ngati mbaula. M'mphepete munali timizere tating'ono tokha. Nditadula, chithunzi chinatsala 5060 ndi 3340, magawo 94 pa 100. Tinjira takuda timene timagawa Trifid patatu tinaoneka bwino, ndiponso timadontho takuda ta fumbi mkati mwa Lagoon, timene pa usiku umodzi tinkangomira mu mchenga uja.

Ndalama zonse za nkhani yobwerera pamalo amodzi, osawerengera zida zimene ndinali nazo kale: K1,685. Zoposa theka ndi kebulo ndi chaja.

16 ndi 22 Ogasiti

Panatsala mphindi 47. Pa 16 kukonza kunatenga mphindi 18, ngodya 91.2. Koma thambo linali litasintha. Anthu ayamba kutentha tchire, anyamata akusaka mbewa m'minda, ndipo dzuwa likumalowa lofiira psuu lisanafike pa phiri. Paliwombo panali bwino, ndiye ndinajambula kuyambira 19:10, Lagoon ili pafupi kufika paliwombo, ndikuleka 21:00 itayamba kutsikira mu utsi. Mwa 85 ndinasunga 58. Zonse pamodzi 491, maola 8 ndi mphindi 11.

Pa 22 ndinayesanso pofuna kuonjezera. Zida zinafika pa mboni mosavuta, koma chithunzi chilichonse chinali chotuwa, ndipo ASTAP inapeza nyenyezi zosakwana theka la zimene inkapeza mu Julayi. Phulusa la udzu linkagwera pa laputopu. Ndinajambula 20, sindinasunge ndi chimodzi chomwe, ndipo ndinalowetsa zida 20:30.

Flattener ndaisiya yomangika ndi chivindikiro chake, pa 91. Mawashala ndawapaka girisi ndi kuwavindikira ndi njerwa kuti asachite dzimbiri mvula ikabwera. Mu Epulo mitambo ikachoka ndikufuna mtambo wina wowala wa Eta Carinae, umene kuno umakwera madigiri 44 okha chakumwera, ndipo ndayeza kale kuti nthambi imodzi ya mango idzafunika kudulidwa. Amake ana avomera kuti tidule mango akatha mu Januwale.